Botolo la Rakele

Tsiku limene tinagawa katundu wa Rakele kunali mwera. Nkhungu inatsika kuchokera ku mapiri a Ntchisi n'kudzakhala pabwalo ngati nayonso ikudikira gawo lake. Zitenje za malemu mkazi wanga tinaziyala pamphasa n'kuzitsendereza ndi miyala kuti zisauluke. Mapoto, ambulera ndi nsapato za kutchalitchi zinapeza eni ake popanda phokoso. Phokoso linabuka pa mankhwala.

"Botolo ndi langa," anatero a Festus, mlongo wake wamkulu wa Rakele, mwini mbumba, amenenso ndi mkulu wa mpingo. "Chachikulu chimapita kwa wamkulu. Sindinayambitse ndine."

"Achimwene, mwatenga kale wayilesi," anayankha a Magdalena, mkulu wake wa Rakele. "Wayilesi inu, botolo inunso? Amene ndinkachapa zofunda za m'bale wanga ndine. Mawondo angawa anatha chifukwa cha ndani?"

"Iwe tenga makapisozi. Ndi ambiri, ndiponso ali ndi mitundu iwiri ngati chitenje. Ndi oyenera munthu wamayi."

Anali mankhwala a kuchipatala. Rakele anadwala khansa. Chakumapeto anamwino ankatipatsa botolo la mankhwala amadzi otchedwa mofini, ndi makapisozi oletsa ululu. Ndinkamumwetsa ndine, ndi kachubu koyezera. Botolo lomaliza anangolilawa n'kupita. Linatsala lodzaza.

Anamwino anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, munthu akamwa mopitirira amagona, mpweya n'kumachepa mpaka kutha. Chachiwiri, otsala adzabwerere kuchipatala.

"Abwerere kuchipatala," ndinatero.

Onse anatembenuka. Sanazolowere kumva mawu anga.

"Alamu, mwati chiyani?"

"Abwerere."

"Kuchipatala?" a Festus anaseka mpaka kutsokomola. "Kumene munthu amapita ndi mutu, n'kubwerako ndi mutu womwewo, ati mankhwala atha kaguleni? Boma latipatsa kanthu kamodzi m'moyo wathu wonse, inu mukuti tikabweze? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, alamu. Wa pachala ndi wa mphepo."

"Amapha."

"Anapha ndani? Mlongo wanga anaphedwa ndi khansa. Awa ndi amene ankamugoneka bwino, tonse tinaona. Munthu ankabuula mpaka agalu kuthawa pakhomo, koma kangodontha pakamwa, zii. Ndiye akalephere msana wanga, umene wangopweteka ndi kudinda mabelo a fodya?"

Apa a Magdalena anaiwala mkangano wawo. Pa ine pokha anthu awiriwa amamvana.

"Bambo a Talandira, inu ndinu mkamwini. Tinakubwerekani ku Chisepo. Tambala wobwereka amadikira eni khola alire kaye. Tikanafuna tikanakusudzulani lero lomwe kuti mubwerere kwanu, koma tati akhale m'nyumba mwawomo, munthu alibe chifukwa ndi aliyense. Musayambe lero."

Talandira, mwana wanga yekhayo, anali pakhonde. Anali woyembekezera, ndipo mwamuna wake ali ku Joni. Anandiyang'ana ndi maso ondipempha kuti nditseke pakamwa. Ndinatseka.

Ine anandigawira kachubu koyezera kaja. Anati ndizikumbukira nako mkazi wanga. Botolo linapita kwina, choyezera kwina.

Masabata otsatira, pakhomo pa a Magdalena panayamba kuchuluka alendo. Shuga anali atakwera mtengo, choncho mlendo akafika sankalandira tiyi. Ankalandira kapisozi ndi kapu ya madzi. Wa dzino kapisozi. Wa chimfine kapisozi. Wina anangobwera kudzabwereka sefa, anapita atameza. Eni ake ankamwa limodzi ndi mlendo aliyense, poti si ulemu kumusiya mlendo akudya yekha.

M'mawa wina a Magdalena akutonola chimanga anagwa chagada n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa. Tinaitana Amini, wa kabaza wa njinga yamoto amene amaima pansi pa mtengo wa mango kumsewu. Kwathu wodwala amanyamulidwa chonchi: woyendetsa kutsogolo, wodwala pakati atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, ndipo kumbuyo munthu wogwirira. Amuna a m'mudzi anali kumsika. Wogwirira ndinali ine.

Anamwino anali omwe aja a Rakele. Anamasula mfundo ya chitenje cha a Magdalena n'kupeza makapisozi otsala. Anawayang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Bambo Obadiya, awa si a mayi aja?"

"Ndi omwewo."

"Afika bwanji m'chitenje cha wina?"

"Anagawana."

"Anagawana?"

"Ndi mapoto omwe."

Anamwino anakhala pa benchi ya odwala. "Nanga botolo?"

"Lili ndi mwini mbumba."

"Bambo, sabata ino yokha mayiwa si oyamba kufika pano ndi mankhwala a munthu wina m'mimba. Ena safika n'komwe. Botololo libwere."

A Magdalena anachira. Makapisozi anatsala kuchipatala, ndipo anadandaula njira yonse kuti awabera cholowa. Atafika anasonkhanitsa anthu n'kuwauza chimene chinawagwetsa.

"Ndi Rakele. Sanakondwe. Botolo lija ankafuna lipite kwa ine. Anandikankha pachifuwa, ndinamva zala zake."

"Ife ndife Akhristu, za mizimu ayi," anatero a Festus. "Vuto ndi loti makapisozi ndi ouma. Amakakamira m'njira. A m'botolowa amangotsetsereka."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkapita kukakhala pakhonde pa a Festus.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Botolo."

"Ife tadzuka. Kuzizira kwake chaka chino."

"Botolo."

"Mayi, apatseni mbatata alamuwa, mwina ndi njala."

Akazi awo, a Roza, ankandipatsa mbatata. Ndinkadya. Pochoka ndinkati, "Botolo," ndipo iwo ankati, "Pitani bwino."

Tsiku lina ndinatenga kachubu kaja kuti mwina aziyezera. Anakabweza.

"Chimenecho ndi gawo lanu. Ine sindilanda za mnzanga. Komanso ine ndimayeza ndi pakhosi. Pakhosi pa munthu wamkulu sipanama."

Anayamba ndi kasupuni ka tiyi. Kenako supuni yaikulu. Kenako ankangopendeketsa botolo. Msana unasiya kupweteka, koma iwo sanasiye. Ankati akuutsekera njira kuti usabwerere. Ankasinza pa jeke yodindira fodya, ankasinza akumeta ndevu. A Roza ankayamikira kuti bambo masiku ano sakalipa.

"Ababa, zisiyeni," Talandira anandiuza tikusankha nyemba. "Atsibweni ayamba kunena kuti mukuwalondalonda ngati ntchentche. Akakuthamangitsani ine nditsala ndi ndani? Mwanayu adzabadwa agogo ake ali ku Chisepo?"

M'mawa mwake ndinapitanso.

Lamulungu abusa anali ku mpingo wina, choncho mapemphero ankatsogolera a Festus. Pemphero lawo ndi lodziwika. Limayambira pa Adamu. Amayi ena amayamba atereka ndiwo pamoto asanabwere, podziwa kuti zikapsa zokha. A Festus anagwada pafupi ndi tebulo, ife tonse tinatsinzina.

Anapempherera mvula, boma, mitengo ya fodya ndi achinyamata ovala mathalauzi m'matako. Mawu ankatuluka olemera ngati akukokedwa m'matope.

"Mukumbukirenso, Ambuye, odwala... akaidi..."

Zii.

Tinadikira. Wina anati, "Inde, Ambuye." Tinadikirabe. Mayi wina kumbuyo ananong'oneza kuti lero Mzimu wawagwira zenizeni. A kwaya anayamba kung'ung'udza nyimbo chapansipansi kuti awathandize. Anaimaliza, n'kuyamba ina. Palibe amene anatsegula maso, poti wotsegula maso pa pemphero la a Festus amatchulidwa dzina pa zolengeza.

Ine ndinatsegula.

Mutu wawo unali patebulo, tsaya lili pa buku la nyimbo. Milomo inali itada. Ndinapita kukawakweza chikope. Kamwana ka diso kanali kochepa ngati mbewu ya fodya. Ankapuma kamodzi, n'kukhala, n'kukhala, n'kupumanso.

"Atisiya!" anakuwa a Magdalena. "Achimwene atisiya ali chogwada!"

A Roza anagwa pansi. Tchalitchi chonse chinabuma maliro. Akuluakulu ankagwedeza mitu, akuti imfa yokoma chonchi sinaonekepo chimangire tchalitchichi: munthu kupita pakati pa pemphero, osadutsa n'kunyumba komwe.

"Akupuma," ndinatero.

"Ndi mpweya wotsalira m'thupi," anatero a Magdalena. "Nkhuku yodula mutu imathamanganso."

"Akupuma."

"Alamu, musavutitse maliro. Mukapita nawo kuchipatala akawaika mufiriji ngati nsomba, munthu woti ankadana ndi kuzizira."

Ndinatuluka kukaitana Amini. Anabwera mpaka pakhomo pa tchalitchi, malo amene sanafikepo.

"Mdala, banja lomwelinso? Mundilembe ntchito ya ambulansi basi. Koma uyu ndi wamoyo? Ine mitembo sindinyamula, njinga imakana kulira."

"Wamoyo."

Ndinasolola chitenje pa phewa la a Magdalena. Palibe amene anandithandiza, palibenso amene anandiletsa. Anaganiza kuti chisoni chandizunguza mutu. Tinawamanga a Festus kumsana kwa Amini ali m'suti yawo, ine kumbuyo nditawagwira chibwano kuti khosi lisapindike. Tinatsika phiri. Miyendo yawo inkakwekwereza pansi, ndipo pa mlatho nsapato imodzi inatsala.

Anamwino sanafunse zambiri. Anayang'ana diso, anathamanga, anabwera ndi jakisoni. Sipanapite nthawi, a Festus anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'chitsime. Anatsegula pakamwa.

"...ndi amasiye. Ameni."

Kenako anasanza. Kenako anakwiya.

"Ndani wandivula jekete? Msana wanga! Mwaubweza msana wanga! Alamu, mwanditani?"

"Bambo, munatsala pang'ono kupita," anatero anamwino. "Ndipo mverani. Jakisoni ndakubayaniyu amatha mphamvu msanga, pamene mankhwala munamwawo akadali m'thupi. Mukachoka pano mukagonanso. Simusuntha pabedi pano mpaka ine nditanena. Bambo Obadiya, botolo."

"Cholowa changa chimenecho!" a Festus anakuwa ndili kale pakhomo.

Amini anayesa kuimba foni kumudzi. Kwathu foni imagwira pa chulu chimodzi chokha cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo pa maliro palibe amene amakwera chulu. Tinabwerera opanda kudziwitsa munthu.

Tinapeza masamba ataikidwa kale pamsewu. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo. Mbuzi yaikulu ya a Festus inali itamangidwa pa nkhokwe, mnyamata wina akunola mpeni pamwala. Amayi anali m'nyumba akulira.

Mwamuna salowa m'nyumba ya siwa mwachisawawa, makamaka mkamwini. Ndinasuzumira pakhomo. A Magdalena anali pakati pa amayi, botolo la Rakele kudzanja lina, supuni yaikulu kudzanja linalo.

"Achimwene apita, ndiye botolo latsikira kwa ine, monga ankafunira mwini wake. Koma ine sindine womana. Aliyense alandira kuti mtima utsike. Tiyambe ndi Talandira. Munthu wapakati salira chonchi, mwana angabadwe wokwinya nkhope. Yasamula, mwana wanga."

Talandira anayasamula.

Ndinalowa ndi nsapato. Ndinaponda mphasa, ndinaponda mwendo wa munthu. Ndinamenya supuni n'kugwera kukhoma. Ndinalanda botolo n'kuliika m'thumba la m'kati mwa jekete.

"Ali moyo," ndinatero.

Palibe amene anamva zimenezo.

"Mayo! Mkamwini akulanda chuma cha masiye, mtembo usanafike n'komwe!" A Magdalena anandigwira jekete, ine ndinatuluka nawo chowakoka mpaka pabwalo. Amuna anaimirira. Ena ankati ndimangidwe, ena ankati andisiye poti maliro awiri motsatizana amasokoneza munthu.

Pamenepo galimoto inatulukira pa msewu, ikuyenda pang'onopang'ono. Inali yomwe mpingo unatumiza kukatenga mtembo. Tinasemphana nayo poti ife tinadzera njira yachidule. Amayi anatuluka m'nyumba n'kuyamba nyimbo ya maliro. A Roza anathamangira kumbuyo kwa galimoto manja ali kumutu. Kumbuyoko kunali mphasa yokha.

Mtembo unatsika kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Unali ndi nsapato imodzi ndi pulasitala padzanja.

Nyimbo inaduka. Anthu anabalalika. Ena analowa m'chimanga chouma, mkulu wina wa mpingo analowa m'khola la nkhumba n'kudzitsekera. Ndinamva pambuyo pake kuti anyamata amene anatumidwa ndi galimotoyo anaupeza mtembo utakhala tsonga pabedi, n'kuuuza za mbuzi. Unazula diripi n'kutulukira pa khomo la kumbuyo.

"Ndani wamanga mbuzi yanga?" anafunsa a Festus.

Anthu anabwerera mmodzimmodzi. A Magdalena anawagwira mkono n'kuutsina.

"Achimwene, ndinu? Ndiye mwabwerako?"

"Sindinapite kulikonse. Ndinali m'pemphero."

"Ndiye botolo ndi lanube. Ndinangolisunga. Koma ali nalo ndi awa, alanda pamaso pa anthu."

A Festus anaitanitsa mpando. Anakhala pakati pa bwalo la maliro awo omwe, phazi lopanda nsapato ataliika pamwamba pa linzake.

"Alamu, bweretsani."

"Ayi."

"Mwati?"

"Ayi."

"Atsibweni," anatero Talandira atagwada, "amene akupulumutsani ndi ababawa. Ena tonse tinali titayamba kale kulira. Wamisala anaona nkhondo, atsibweni."

"Andipulumutsa? Anandidula pemphero pakati. Anandikweza panjinga ngati thumba la feteleza, mudzi wonse ukuona. Nsapato yanga ili kuti? Msana unali utagona, andidzutsira. Ndiye lero akufuna kudya cholowa chimene mlongo wanga anandisiyira? Iwo anapatsidwa gawo lawo, ine ndinakhudzako?"

Talandira anatembenukira kwa ine. "Ababa, perekani. Chonde. Tidzalitaya tsiku lina, mwakachetechete. Perekani lero lokha."

Ndinamuyang'ana. Pachibwano pake panali dontho la mankhwala limene linagwa pamene ndinamenya supuni. Ndinalipukuta ndi chala.

"Ayi," ndinatero.

"Mwamva nonse," anatero a Festus. Anayasamula. "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife tinawasunga awa ngati m'bale. Lero ndikunena pamaso pa mbumba: takusudzulani. Mawa dzuwa lisanalowe mukhale muli kwanu ku Chisepo. Nyumba ndi ya mwana. Ndiponso... ndiponso..."

Anayasamulanso. Mutu unatsika pang'onopang'ono mpaka chibwano chinagunda pachifuwa.

Anthu anadikira. Ena anatsinzina, mwa chizolowezi.

"Atisiyanso!" anakuwa a Magdalena. "Ndipo mwamva mawu awo omaliza. Mawu a munthu wopita sabwezedwa!"

Amayi anayambiranso nyimbo pamene anailekezera. Mnyamata wa mpeni uja anandiyandikira.

"Ndiye mbuziyi titani, mdala?"

"Dikira."

Galimoto inali itapita kale, dalaivala atanena kuti za m'mudzi muno sakufuna kuzionanso. Ndinayang'ana kumsewu. Amini anali atatsamira njinga yake akudya nzimbe.

"Ndinadziwa," anatero. "Sindinazimitse n'komwe."

Ulendo uno Talandira ndi amene anapereka chitenje. Anamanga yekha mfundo kumsana kwa Amini, akulira, koma anamanga yolimba. Tinatsikanso phiri. Pa mlatho tinaona nsapato ija, sitinaime.

Anamwino anabayanso jakisoni, ndipo ulendo uno anaika mlonda pafupi ndi bedi. Ndinatulutsa botolo m'jekete n'kuwapatsa. Ndinawapatsanso kachubu kaja. Anatsekera zonse m'kabati.

A Festus anatsegula maso. Anayang'ana denga, kenako ine.

"Ndiponso," anatero, "musiye khasu la mlongo wanga. Botolo langa lili kuti?"

"Ndapereka."

"Ndiye mawu anga aja ali pomwepo."

"Ndamva."

Kenako anati msana ukuwapweteka, ndiwakonzere pilo. Ndinawakonzera.

M'mawa mwake mwera unali utaleka. Ndinasesa pamanda a Rakele. Ndinamuwazira Talandira nkhuni zokwanira mpaka mvula, n'kumuuza kuti tsiku lake likadzafika adzakwere chulu aimbe kwa Amini, iye akudziwa njira ya ku Chisepo. Ndinatsikira ku mlatho, ndinatola nsapato ya a Festus n'kuipachika pamtengo pamene angaione pobwera.

Kenako ndinamanga bulangete ndi khasu langa pa njinga yanga yopalasa n'kupita kwathu ku Chisepo.